Tsabola wa Njerwa

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumeneko?

Ndine Esinati, mwana wanu woyamba. Kuno kulokeshoni ya Mufakose tikadalipo, koma kukhalapo kwake n'kongowerenga masiku. Patha zaka zitatu chikuikireni m'manda, ndipo nkhani zaunjikana moti ndikusowa poyambira.

Ndiyambe ndi yabwino, popeza ndi imodzi yokha. Mkazi wa mlongo wanga Yohane anachira mwezi wa Epulo, mwana wamkazi. Tinamutcha Alinesi, dzina lanu, ndipo chipumi chake n'chanu ndithu. Yohane sanamuone mwanayo. Anaoloka kupita ku Joni mimba ili ya miyezi isanu, anaimba foni kawiri, kenaka zii. Mlamu wanga ndi khandalo akukhala ndi ine.

Chimanga chimene tinabzala m'mphepete mwa msewu anthu anathyola chikadali chachiwisi. Sindinawakwiyire, njala yake ndi yomweyi. Mpopi unauma kalekale, timatunga pachitsime chokumba pafupi ndi ngalande. Matenda otsegula m'mimba alowa mumzere wa nyumba zathu, ndipo atenga kale a Mwale, telala uja ankakusokerani madiresi a ku tchalitchi.

Kanyumba kanu kakuseri, kaja tinakumangirani mutachotsedwa kufamu, aboma anadzakagwetsa chaka chomwe munatisiya. Anati n'kosaloledwa. Ndinathokoza Mulungu kuti simunaone. Njerwa zake tinaziunjika pafupi ndi mpanda.

Ntchito yanga ya kusiteshoni ya kafukufuku inatha, Amayi. Munkandiseka kuti mwakalamba musanaonepo anthu ovala makhoti oyera akugwadira tsabola. Komatu ntchitoyo munandipatsa ndinu. A Marufu, mkulu wa kafukufukuyo, anandilemba chifukwa ndinkadziwa tsabola wa papirika wogwidwa nkhungu pongonunkhiza, monga munandiphunzitsira m'shedi ya kufamu ndili kamtsikana. Zaka khumi ndi chimodzi ndinakhala ndikuveka maluwa timatumba kuti njuchi zisasakanize mitundu, kulemba manambala pa mizere ya adyo, jinja ndi chikasu, kuyanika, kupera, kuyerekeza kufiira kwa ufa wake. A Marufu ankati tikufuna tsabola woti mlimi wosauka alime popanda mankhwala.

Poyamba inafa pampu ya madzi. Kenaka dizilo anasowa, thalakitala n'kukhala pansi pa mtengo mpaka nkhuku kuikiramo mazira. Magetsi anayamba kuthima masiku angapo motsatizana, ndipo chipinda chozizira chimene tinkasungiramo mbewu chinasanduka ng'anjo. Tsiku limene tinatsegula chitseko chake, fungo linatibweza. Maenvulopu onse anali atamera nkhungu. A Marufu anangokhala pansi pakhomopo, chipewa chili m'manja, mpaka tinaweruka.

Palibe anandichotsa ntchito. Malipiro anangofika posakwana kukwerera kombi, minibasi ya kuno. Ndinayenda wapansi miyezi iwiri, nsapato zitatha ndinasiya.

Tsopano ndimagulitsa tsabola wopera pa msika wa Machipisa, m'timapepala tapulasitiki. Apa ndi pamene cholembera chikundilemera, koma inu sindinakubisirenipo kanthu.

Papirika akusowa, ndipo wochepa amene ndimapeza satha kudyetsa pakamwa patatu. Mayi wina woyandikana naye tebulo ndiye anandinong'oneza. Anati, "Iwe ukugulitsa ngati uli kutchalitchi. Njerwa yofiira ukaisinja n'kuisefa pansalu, ndani angadziwe?" Ndinamukalipira. Patapita milungu itatu mlamu wanga mkaka unamuumira, Alinesi akungolira tsiku lonse, ndinatenga mtondo wanu uja. Ndinayamba ndi supuni imodzi. Pano ndimathira zinayi. Njerwa zake ndi za kanyumba kanu, Amayi. Khoma limene munkatsamira pootha dzuwa ndikulidyetsa anthu pang'onopang'ono.

Munkakonda kunena kuti dzanja lothyola tsabola silipukuta m'maso. Langali lapukuta, ndipo maso akuwawa.

Lachiwiri lapitali masana, ndili pakati pothamangitsa ntchentche, ndinamva munthu akundilonjera m'chilankhulo cha kuno kuti, "Makadii, Esinati?" Nditadzutsa mutu ndinaona a Marufu. Aonda, khosi likusambira m'kolala, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Ndinafuna kuvundikira tebulo ndi chitenje koma anali atatola kale kapepala kamodzi. Anakatsegula, kutapa ndi chala, kutikita, kenaka kuika palilime. Ndinamva ndi makutu anga mchenga ukulira m'mano mwawo.

"Wafiira bwino," anatero. "Ndi mtundu uti umenewu?"

"Ndi njerwa, bambo."

Ndinayembekezera kuti andilalatira, ndipo zikanandipepukira. Iwo anamanganso kapepalako bwinobwino n'kukabwezera pamzere wake.

"Mwanangu, usagwetse nkhope. Mabuku athu aja, mmene tinkalembamo zonse za m'munda, ndinawapereka kwa amayi ogulitsa mtedza kuti andipatse ufa. Mwina mtedza umene wadya sabata ino unakulungidwa m'zolemba zako."

Tinaseka, Amayi, kuseka koipa kwa pamaliro. Anandiuza kuti Loweruka anyamuka kupita ku Botswana kwa mwana wawo wamkazi, ndipo sakuganiza zobwerera. Kusiteshoni kwatsala mlonda yekha, mapaipi othirira anazulidwa, m'minda yoyeserera mukudya mbuzi. Kenaka anapisa m'jekete n'kutulutsa envulopu yaing'ono ya njere za tsabola. Nambala yake ndinaidziwa, ndinalemba ndine. Unali mtundu umene tinaulera zaka zisanu ndi ziwiri, wosapiringizika masamba ngakhale nsabwe zichuluke.

"Iyi ndinaiiwala m'thumba, n'chifukwa chake sinaole ndi zinzake," anatero. "Kumene ndikupita ndikagona pabalaza, ndilibe dothi. Palibenso ina padziko pano."

Ndinati, "Bambo, mukupatsa munthu wogulitsa njerwa?"

"Ndikupatsa munthu wodziwa kuti ndi njerwa."

Anapita osacheuka.

Kunyumba ndinachita monga tinkachitira kuntchito. Ndinatenga njere makumi awiri, kuziyala pansalu yonyowa, kuvundikira ndi mbale. Madzi ake ndinachita kupatula pa akumwa. Lero m'mawa ndavundukula, zamera ziwiri zokha, nazonso timizu take n'tofooka ngati ulusi wakale. Paja munkati tsabola wakale sawawa. Kaya mbewu yakale imabereka, sindikudziwa. M'envulopumo mwatsala zosadzaza supuni.

Musaganize kuti zimenezi zandisintha. Mawa ndipitanso pa Machipisa, ndipo m'timapepala mwanga mudzakhala zomwe zija, chifukwa Alinesi sangayamwe envulopu. Sindikuona kumene zinthu zidzatembenukire. Kumudzi kwanu ku Ntcheu sindikudziwako, ndipo kuno chitupa changa chimati ndine mlendo, ine wobadwira pafamu ya kuno konkuno. Ndikuopa kuti tsiku lina mlamu wanga adzatopa n'kupita kwawo ndi mwanayo, nditsale ndekha ndi mulu wa njerwa ukunka nuchepa.

Ndakhala ndikuganiza pobzala njerezi. Pakhomo pano nkhuku za eni zifukula. Kumsewu azithyola zisanafiire. Malo amodzi okha ndi amene anthu a njala akuwaopabe. Choncho mvula ikangogwa ndidzabwera ndi khasu, ndidzapalire pamanda panu, ndi kuzibzala kumutu kwanu mizere iwiri, motalikirana chikhatho chimodzi monga munkafunira. Limeneli lokha ndilo lonjezo limene ndingalikwanitse. Zikamera, mundiyang'anirire. Zikakana, zigone nanu pamenepo, zisaolere m'manja mwanga.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale ndakuchititsani manyazi.

Ine mwana wanu,
Esinati