Samani ya Esinati

Amayi, kumene muliko kukucha bwanji? Kuno ku Chipangali tilipo. Nshawa zachita bwino chaka chino, ndipo mwana wanga Tionenji wabereka mtsikana, tamutcha dzina lanu.

Koma mtima wanga suli m'malo. Sabata yatha mesenjala wa khoti anabwera panjinga, m'manja muli samani. Mukukumbuka mmene munkaiopera? Munkati samani si kalata ya ukwati yoti ungayankhe kuti mvula inandigwira. Ndi pepala la boma, limakutchula dzina, tsiku ndi malo, ndipo ukapanda kupita amadzakutenga. Bambo Sakala, aja oyandikana nafe dimba, akasuma kuti mizere yathu ya kumadzi ili kwao. Munkanena ndinu kuti mlandu suola.

Ndinapukuta manja kuti ndilandire. Mesenjala anawerenga dzina la Esinati! Mng'ono wanga, mphunzitsi wa ku Chipata, woti khasu limamutupitsa manja. Ndinachita kumulozera njira ya kutauni ngati mlendo pakhomo panga pomwe.

Musaseke, Amayi, ndachita nsanje ndi pepala la mlandu. Anthu amalithawa, ine ndimalifuna. Bambo Sakala anatchula Esinati chifukwa inu munkauza mudzi wonse kuti za dimba adzaziona wophunzirayo. Nanga anakusambitsani ndani miyezi yonse ija musanatisiye? Tsiku lomwe munabzala khonje m'malire, anasenza mbande zake pamutu ndani? Esinati anali kusukulu ku Tamanda, inu mukumusungira nzimbe zonona, ine mukundipatsa nsonga.

Dzulo Esinati wabwera, nsapato m'manja, maso ali ofiira. Sadziwa ngakhale pamene khonje anayambira, poti Bambo Sakala anazula wina. Mng'ono wangayo akutinso mumamubwerera kutulo. Ha, ngakhale kumeneko mukusankhabe?

Ndinafuna kumusiya akachite manyazi pamaso pa khoti, ndisaname. Koma akagwa iye, dimba lapita, ndipo mdzukulutuvi wanuyu adzadya chiyani m'chilimwe? Ndinamutengera kumadzi, ndinakumba, ndinamuonetsa zitsa za khonje zitatu zomwe zikadali pansi. Analemba m'kabuku kake osandiyang'ana.

Lachitatu ndidzapita naye kukhoti. Ndidzakhala pabenchi lakumbuyo, wopanda pepala, wopanda wonditchula. Dimba lanu silipita, ndikulonjeza.

Koma mukadzabweranso kutulo, Amayi, yambirani kwa ine, kamodzi kokha, ndipo mundiitane ndi dzina.

Ndine mwana wanu woyamba, wokukondani ngakhale mumakondera,
Tisauke