Balere wa Amake Kanyerere

Lolemba, 3 Juni

Kusikelo ndi amake Kanyerere. Mimba miyezi isanu ndi iwiri. Awapeza ndi shuga. Namwino akuti akapanda kutsika, mwana akula mopitirira, adzavuta potuluka.

Malamulo: buledi woyera ayi, tiyi wa shuga ayi. Azidya balere, mbewu yonga tirigu, wosakonola, chifukwa gaga wakeyo ndi amene amachedwetsa shuga kulowa m'magazi. Kuyeza pakatha maola awiri atadya. Nambala isapose 7.

Ndagulitsa jeki yaikulu. Ndagula kamakina koyezera, timapepala take 50, balere makilo asanu. Matayala a malole ndisiya kaye, ndizimata a magalimoto ang'onoang'ono.

Lachinayi, 6 Juni

9.8, 10.2, 9.1. Zoipa zonse.

Balere ndimanyika ndekha, kuphika ndekha, ola lathunthu pamakala. Iwo masipuni atatu basi. Akuti akununkha ngati chakudya cha nkhuku, akukanda kukhosi, akutupitsanso m'mimba. Ndinati tayala salifunsa ngati likukonda mpweya. Sanaseke.

Kanyerere analawa n'kulavulira pa malaya anga. Zaka ziwiri, kale ali mbali ya amake.

Apongozi afika madzulo kudzathandiza. Tawapatsa chipinda chaching'ono.

Lachitatu, 12 Juni

5.9, 6.1, 5.7. Sabata yonse choncho.

Tsopano amake Kanyerere amadyera kuchipinda kwa amayi awo, kuyezanso konko. Ine sindingalowemo. Nthawi ikakwana ndimasiya ntchito, kuthamanga, kuima pakhomo n'kutsokomola. Dzanja limatuluka ndi kamakina, ndimalemba nambala m'kope. Mbale imabwera yoyera ngati yanyambitidwa ndi galu.

Lero kasitomala wandithawa chifukwa cha kuthamangako. Palibe kanthu. Ndauza Wowotcherera, mnzanga wa shedi yoyandikana, kuti shuga ndamugonjetsa. Akuti nditsegule chipatala pambali pa matayala.

Lachiwiri, 18 Juni

Kusikelo. Ndinanyamula kope monyadira. Namwino anayeza yekha. 11.4.

M'mawa womwewo kope langa likuti 5.8.

Mwana wakula kuposa miyezi yake. Atipatsa sabata imodzi. Zikapanda kusintha, jakisoni tsiku lililonse, mwina kuwagoneka. Namwino anayang'ana amake Kanyerere nthawi yaitali. Iwo maso pansi. Ine ndimati ndi mantha.

Ndinapita kwa wogulitsa mankhwala amene anandigulitsa kamakina. Ndinamutcha wakuba pamaso pa anthu. Iye anadzibaya yekha, kuyeza pa kanga ndi pa kake. 5.5 ndi 5.6. "Makina ali bwino, achimwene." Ndinapepesa. Anthu a pamzere kundiyang'ana mpaka pamsewu.

Lachitatu, 19 Juni

Ndaona.

Ndinabwera ndi sopo, n'kupatsa apongozi. Analandira ndi manja awiri, zikhatho m'mwamba. Sindinayang'anepo manja awo chiyambire. Nsonga za zala timadontho takuda, ngati chubu chimene chaponda minga. Zala zonse, kupatula zazikulu.

Ndinapita kukagwira dzanja la mkazi wanga. Losalala.

Ndiye kuti masiku khumi ndi awiri ndakhala ndikulemba magazi a apongozi. Balere amadya ndi iwo. Chala chimabayidwa n'chawo. Ine panja, kutsokomola mwaulemu ngati chitsiru.

M'chikwama cha apongozi, Kanyerere anandionetsa yekha, mabanzi anayi.

Lachisanu, 21 Juni

Masiku awiri osayankhula. Kuntchito ndamata tayala limodzi kawiri, malo olakwika.

Apongozi anandiyankhula ali kuseri kwa chitseko. "Mwana wanga amalira njala, bambo, inu mukanatani? Koma balere wanuyo ndi wabwino, ine thupi lapepuka." Akuona ngati andiyamikira.

Amake Kanyerere akuti ndinawaopsa ndine. Akuti nambala ikakwera ndimakhala ngati pagwa maliro, ndimayang'ana kamakina osati iwo. "Ndimafuna mugone tulo tsiku limodzi." Tulo ndinagonadi. Mwana m'mimbamo akukula.

Chimene chikundiwawa si jeki. Ankandimva ndikuthamanga. Ankamva nsapato zanga pakhonde katatu pa tsiku, n'kumatulutsa dzanja.

Wowotcherera wafunsa za chipatala changa. Ndinati chatsekedwa.

Loweruka, 22 Juni

Ndaphika ndi anyezi, tomato ndi nyemba pang'ono, monga ananenera namwino tsiku loyamba. Ndinali nditaiwala, ndimangothira mchere. Mwina apo ndinalakwa ine. Apo pokha.

Mbale imodzi, masipuni awiri, pabalaza. Apongozi ndawapempha atenge Kanyerere akayende. Ndadya ndi amake Kanyerere. Akukanda kukhosi ndithu, sananame pamenepo. Iwo afika masipuni khumi ndi limodzi, ndimawerenga. Anaona kuti ndikuwerenga.

Tinadikira maola awiri. Kenako anatambasula dzanja okha. Ndinaligwira, n'kulitsata ndi maso mpaka paphewa. "Ndi langa," anatero.

8.4.

Yoipa, koma yawo. Ndang'amba masamba asanu m'kope, ndayambira pamwamba.

Kusikelo Lachiwiri. Masiku atatu, kuyeza kasanu ndi kanayi. Timapepala tatsala tinayi.