Ndinagwira Jagi Mpaka Basi Inandisiya

Buenos Aires
11 Febuluwale

Okondedwa Mayi anga,

Landirani moni wanga, inu ndi onse a pakhomo. Kodi mukudzuka bwanji masiku ano? Bondo lija likukuvutanibe mukaima nthawi yaitali pa uvuni? Nanga mwana wanga Derlis akudya bwino? Ife tinafika kuno Lolemba usiku. M'thupi ndili bwino, koma mumtima ayi.

Pa foni ya anansi athu a Ña Petrona mawu anandikanika kutuluka, n'chifukwa chake ndinangoti pepani n'kudula. Ndaona kuti ndilembe bwinobwino kuti mudziwe chimene chinachitika Lamlungu, poti ndamva kuti munakhala pa siteji ya basi ndi mwana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Mukudziwa kuti adona Marcela, amene ndimawagwirira ntchito, anandilonjeza tisananyamuke kuti tikapita kutchuthi ku Encarnación, tsiku lomaliza lidzakhala langa. Anati kwanu ku Coronel Bogado ndi pafupi, udzakwera basi m'mawa n'kubwerako madzulo. Sabata yonse ndinkalera ana awo, Joaquín ndi Delfina, pamchenga m'mbali mwa mtsinje, uku ndikuona mabasi olembedwa dzina la kwathu akudutsa mumsewu. Ndinkadziuza kuti ndapirira zaka ziwiri, masiku otsalawa si kanthu.

Loweruka madzulo adona anandiuza kuti anzawo a abwana a komweko, a Don Críspulo ndi akazi awo a Ña Librada, atiitana kwawo kukadya nyama yootcha yotsanzikana. Anati ndingowaperekeza m'mawa, ana akazolowera malo ndinyamuke. Ndinavomera. Ndinavala diresi langa lobiriwira lija, ndipo titafika, chikwama chokhala ndi nsapato za Derlis ndinachiika pafupi ndi geti kuti ndisachedwe pochoka.

Anthu aja ndi abwino, sindingawanamizire. A Ña Librada atangondiona anandifunsa m'chinenero chathu cha Chiguarani kuti kwathu n'kuti. Nditayankha, anatembenukira kwa amuna awo amvekere, "Críspulo, lero timwa terere weniweni. Wako uja amakoma ngati madzi otsukira mbale." A Don Críspulo anaseka n'kuti, "Wakalambira pa madzi otsukira mbale omwewo, ndipo sindinakuonepo ukuwonda." Kenako anandipatsa kamtondo ndi zitsamba zoika m'chakumwa chathu chozizira chija. Anati, "Gwira mwanawe, wamng'ono pano ndiwe. Aphunzitse anthu a ku Argentina awa, amangodziwa kumwa zotentha ngati odwala."

Mayi, ndikanakana bwanji? Munandilera ndinu. Munkati wamng'ono ndiye amathira, ndipo wothira satula jagi pansi mpaka womaliza atanena zikomo, kusonyeza kuti zamukwana. Ndinasinja zitsamba, ndinaika madzi oundana m'jagi, ndinadzaza guampa, chikho chimodzi chija chimene onse amamwera mosinthana. Mumtima ndinkati izungulire kangapo, onse anena zikomo, ine ulendo.

Adona ananena zikomo msanga, poti sakonda zozizira. Koma abwana Horacio ndi a Don Críspulo anali atayamba kukangana za mpira, wina akuti timu yako ndi ya nkhalamba, winayo akuti yako imangodziwa kulira. Abwana ankamwa n'kunena kuti, "Thira Zuni, thira. Kunyumba umatibisira chiyani zabwino ngati izi?" Kenako kunabwera alamu awo a Don Críspulo, kenako oyandikana nawo nyumba. Aliyense wofika ankakokera mpando pansi pa mtengo wa mango n'kutambasula dzanja. Madzi atatha ndinayesa ndapulumuka, koma anabweretsa ena. Ndinkayang'ana kwa adona kuti mwina maso athu akumana. Iwo ankaonetsa anzawo zithunzi pa foni.

A Ña Librada anaona kuti guampa ikafika pa ine ndikungoidutsitsa. Anandifunsa kuti bwanji sindikumwa, popeza wothira amamwa nawo. Ndisanatsegule pakamwa adona anandiyankhira kuti Zuni sakonda. Ine Mayi, amene ndinayamba terere ndisanayambe sukulu. Zoona zake n'zakuti kunyumba kwawo ndili ndi kapu yanga ndi supuni yanga, ndiye sindikanaika pakamwa panga pamene abwana amamwera. Ndinangopitiriza kuthira.

Womaliza ananena zikomo nyama itapsa. Pamenepo Delfina anakana kudya pokhapokha nditamudyetsa ine, ndipo Joaquín anadumphira m'dziwe losambira popanda womuyang'anira. Nditamutulutsa n'kumupukuta, ndinalimba mtima, ndinapita kukanong'oneza adona kuti nthawi yapita. Anayang'ana wotchi n'kuti, "Ayi Zuni, panopa ukangofika n'kutembenuka pomwepo. Nanga ukaphonya basi yobwerera? Mawa tiwoloka mlatho wa pamalire mbandakucha. Ukanandikumbutsa m'mawa, mwana iwe." Anandisisita paphewa n'kubwerera ku nkhani yawo.

Ndinakhala pansi n'kumadzidzudzula ndekha. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndinamva, koma chitseko ndinangochiyang'ana. Zikanathera pamenepo, bwenzi lero ndikudziimba mlandu ndekha basi.

Chakumadzulo a Ña Librada anatulutsa dengu la chipa, timabuledi ta ufa wa chinangwa ndi tchizi ngati timene mumagulitsa inu. Fungo lokha ndinadziwa kuti ndi ya kwathu. A Don Críspulo anadzitama kuti iwo alendo awo sawadyetsa chipa ya m'tauni, anadzuka m'mamawa ndi galimoto kukagula ku Coronel Bogado kwenikweniko, pa msewu waukulu. A Ña Librada anandiyang'ana n'kuti, "Paja iwe ndiwe wa komweko. Makolo unakawaona liti?" Ndinayesa kuyankha, koma misozi inanditsogolera.

Anandikokera kukhitchini, ndipo ndinawauza zonse, za inu, za Derlis, za basi. Anagwira pakamwa. Anati, "Mwanawe, unakhaliranji chete? Críspulo anawaimbira adona ako dzulo kuti akupita ku Bogado m'mawa, ngati pali chimene akufuna anene. Mpando wakutsogolo unapita wopanda munthu." Ndinafunsa kuti adona anayankha chiyani. Anati anaitanitsa chipa yoti atenge popita ku Buenos Aires.

Ndiye kuti ankadziwa, Mayi. Pamene ankandiuza Loweruka kuti ndiwaperekeze kaye, ankadziwa kuti pali galimoto yodutsa pamphuno panu. Ndikanafika inu musanachoke n'komwe panyumba.

A Ña Librada anafuna kuti amuna awo andipititse nthawi yomweyo, koma anali atamwa mowa kuyambira masana. Anafunanso kukawayankhula adona pamaso pa anthu. Ndinawagwira mkono n'kuwachonderera kuti asatero, chifukwa iwo atsala kwawo, ine ndikwera galimoto imodzi ndi adona, ndipo ntchito imeneyi ndiyo ikumudyetsa Derlis. Anapukusa mutu. Kenako anatenga guampa yawo, anaidzaza okha n'kundipatsa m'manja. Anati, "Imwa, pano ndi pakhomo panga." Ndinamwa nditaima kuseri kwa chitseko. Ndi chokhacho chimene ndinalawa cha kwathu.

Potsanzikana anthu anakumbatirana kwambiri. A Don Críspulo anauza abwana kuti andisamale, mtsikana wa ulemu ngati ameneyu sapezeka masiku ano. Adona anavomereza kuti n'zoona, Zuni ali ngati mwana wa m'nyumba.

Pobwerera, thumba la chipa anandisenzetsa ine pamiyendo, poti kumbuyo kunadzaza. Njira yonse linkandinunkhira. Ana ankadya, ine sindinakhudze. Ndinkangoganiza kuti a Don Críspulo anadutsa pa tebulo lanu n'kupeza palibe munthu, chifukwa tsikulo inu simunagulitse, munkayembekezera ine. Adona anati tchuthi chinali chokoma, ndipo chaka chamawa tidzaona za ulendo wanga. Abwana anati chaka chamawa tipita kunyanja ku Brazil.

Kuno ntchito ndayambanso monga kale. Sindinanene kanthu kwa adona, ndipo iwo sanandifunse. Kukutentha kwambiri, kachipinda kanga usiku sikagoneka.

Pempho langa ndi limodzi. Nsapato za Derlis ndinazisiya kwa a Ña Librada. A Don Críspulo abwera nazo Loweruka likudzali pa msewu pamene mumagulitsira. Ndi bambo wadazi, wa galimoto yoyera, adzakufunsani ndi dzina lanu, a Ña Eulalia, ndipo mudzawadziwa ndi kuseka kwawo. Nsapatozo ndinagula mongoyerekeza, poti phazi limene ndikulikumbukira ndi la mwana wa zaka ziwiri. Chonde mumuimike papepala, mulembe mzere kuzungulira phazi lake, munditumizire. Zikamuthina musandiuze kuti zamukwana pofuna kundisangalatsa.

Mundiperekere moni kwa azakhali a Nidia ndi amalume a Cirilo, kwa achimwene anga a Wilfrido ndi alamu anga, ndiponso kwa mng'ono wanga Griselda. Muwathokoze a Ña Petrona chifukwa cha foni. Derlis mumupsompsone pamphumi. Akafunsa za ine, mumuuze kuti mayi ake alipo ndipo amamukonda, koma musamuuzenso tsiku loti ndibwera. Asakaimenso pa siteji atavala malaya a kutchalitchi.

Tsalani ndi Mulungu, Mayi.

Ndine mwana wanu,
Zunilda