Ndinasonkhera ofuna ukhansala awiri, onse andikwiyira

Aphungu,

Ndine dalaivala wa galimoto yoperekera buledi pa bekale ina, ndipo zisankho zandiika pamoto.

Mwezi watha abwana anatisonkhanitsa kuseri kwa uvuni, pomwe timaunjika matumba a ufa. Anati mchimwene wawo akupikisana nawo pa ukhansala, ndiye ife monga banja limodzi tiponyepo kangachepe. "Palibe kukakamizana," anatero, uku akutiyang'ana mmodzimmodzi ngati akusankha nkhuku yophera alendo. Tonse tinapereka, ngakhale mlonda amene sanalembetse n'komwe zovota.

Vuto ndi lakuti amene akulimbana ndi mchimwene wa abwanayo ndi apongozi anga, bambo a mkazi wanga. Iwonso ndinawapatsira kumbali ndalama yogulira mafuta, n'kumadziona wochenjera.

Loweruka mchimwene wa abwana anachititsa msonkhano pabwalo la mpira, n'kuyamba kuthokoza antchito a pa bekale pa chimkuzamawu, aliyense ndi dzina lake. Langa analitchula kawiri, n'kuwonjezera kuti, "Ngakhale mkamwini wa mdani wathu watsekuka maso!" Apongozi aakazi anamva zonse akugula tomato tsidya la msewu.

Madzulo ake mkazi wanga sanandisiyire chakudya. Anangoti, "Mukadye buledi wa abwana anuwo." Mpaka lero amagona chondifulatira. Lolemba mlamu wanga, pofuna kundikhaulitsa, anamata chithunzi cha apongozi kumbuyo kwa galimoto ya kuntchito. Ndinazungulira nacho tauni yonse osadziwa, mpaka abwana anachiona okha. Tsopano akuti ndisankhe, makiyi kapena apongozi. Nditani?

M.T.K., kuseri kwa depoti ya mabasi

Achimwene a M.T.K.,

Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo inu mwanyowa mpaka kabudula wamkati. Mwagula adani mbali zonse ndi ndalama zanu zomwe. Luso limeneli si la aliyense.

Yambani ndi kunyumba. Akazi anu sanakwiye chifukwa cha ndale, akwiya chifukwa nkhani ya m'nyumba mwawo anaimva pambuyo pa ogulitsa tomato. Auzeni mmene abwana anakupanikizirani, muulule kuti bambo awonso munawapatsa. Kenako mupite nawo limodzi kwa apongozi. Musapite nokha, pakamwa panu sindikupakhulupirira. Mlamu wanuyo mumuuze kuti mukachotsedwa ntchito, mchemwali wake ndi ana onse akubwera kudzadya kwa iye.

Kuntchito, matulani chithunzicho, mupepese kwa abwana chifukwa galimoto ndi yawo. Pepesani za galimoto zokha. Anakulembani ntchito yonyamula buledi, osati mchimwene wawo. Anzanu a pa uvuni nawonso akung'ung'udza chamumtima, ndikhulupirireni. Gwirizanani kuti chipewa chosonkhetsa ndalama chikadzayendanso muyankhe ndi pakamwa pamodzi kuti m'thumba mwauma. Munthu mmodzi amathamangitsidwa, koma bekale yonse ayi, pokhapokha abwana akufuna kukanda okha ufa. Akaumirira za makiyi, apempheni alembe chifukwa chake papepala, mupite nalo kwa oona za antchito. Mudzaona cholembera chikuwalemera.

Chenjezo langa ndi ili: musalumbire kwa aliyense kuti mudzamuvotera. Tsiku lovota mudzalowa nokha m'kachipindako. Mukatuluka, aliyense wokufunsani mumumwetulire n'kunena kuti, "Inunso mungafunse?"

Aphungu