Mapepala Khumi ndi Awiri a Buku la Telala

Kaomba,
Kasungu.
9 Meyi.

Okondedwa achemwali anga a Feggie,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa Gladness, wa apongozi athu ndi ana onse kumeneko ku Ndirande. Kuno tilipo. Bondo langa lamanzere likufuna kunditsogolera kumanda koma lamanja lakana, ndiye mlandu udakali m'khoti. Alamu anu Anaphiri ali bwino, pakamwa pawo ndiye pali bwino koposa.

Ndikudziwa kuti maso anu achita chifunga ndipo kalatayi akukuwerengerani ndi Gladness. Iwe Gladness, werenga zonse. Usadumphe mzere pofuna kuwabisira manyazi amalume ako, manyazi awo anatha kalekale pamodzi ndi tsitsi.

Fodya wachita bwinoko chaka chino. Tamaliza kusankha, panopa tikudinda mabelo, moti ngati pepalali likununkha musadabwe.

Uthenga wanu ndinaumva pa foni. Akuti mukufuna buku lija la telala, mphoto yanu ya mu Sitandade 5, kuti mulimvenso mpaka kumapeto. Akuti ndilipereke kwa Steven wa lole akamapita kumeneko. Ndinayankha kuti chabwino, koma mtima unayamba kufunsa mafunso. Buku lagona m'bokosi la malemu abambo zaka makumi asanu ndi zisanu, bwanji lero? Munthu safunsa za mbuzi imene anaisiya kalekale pokhapokha ngati wamva fungo la nyama yootcha.

Bukulo ndimalikumbuka kuposa dzina la mankhwala anga. Chikuto chinathothoka tisanaloweze ndi dzina lomwe, tinkangoti buku la telala. Telala wamtali uja, wosenza makina osokera pamutu, woyenda mudzi ndi mudzi kufunafuna mlongo wake amene anakwera sitima osatsanzika. Ankasokera anthu zigamba kuti amulozere njira. Munkandiwerengera m'chigafa Loweruka masana, inu buku pamaondo, ine ndikusoka fodya wanga ndi wanu yemwe. Pamenepo munandibera, koma tizisiye.

Mukukumbuka pamene telala anasokera kapitawo wamwano buluku la miyendo itatu? Tinaseka mpaka abambo anatulukira ndi mkangala wopachikira fodya m'manja, kenako iwonso anakhala pansi kuti muwabwerezere.

Munasiyira pamene telala anafika pamtsinje wodzaza, makina ali pamutu, tsidya linalo mayi wina akuchapa atafulatira. Mlungu wotsatira munakwatiwa, basi ya ku Blantyre n'kukunyamulani. Pokwera munandilumbiritsa kuti ndisawerenge patsogolo, mudzabwera kudzandimalizira nokha.

Tsono Lachiwiri ndinatsegula bokosi lija. Buku lilimo. Koma achemwali, likuthera pamtsinje pomwepo. Kumbuyoko kwatsala timizu tokhatokha ta mapepala khumi ndi awiri.

Nthawi yomweyo ndinayamba kufufuza, chifukwa mudzi uno wadzaza ndi anthu okayikitsa.

Woyamba kumuganizira anali chiswe. Koma Anaphiri anati chiswe cha ku Kaomba sichinapite kusukulu kuti chidye mowongoka chonchi, n'kusankha mathero okhaokha.

Ndiye ndinawatembenukira iwowo. Ndinawakumbutsa kuti amakonda kukulunga mbewu ya mpiru m'mapepala. Anandiyankha kuti zaka makumi anayi za banja lathu kiyi wa bokosilo sanamugwirepo, amakhala pachingwe m'khosi mwanga ngati chithumwa, ndipo ngakhale posamba sindimuvula. Anati ngati ndikufuna wakuba ndiyambe kufunsa khosilo.

Ndinaona kuti mboni imeneyi ndi yamwano, ndinaimasula.

Kenako ndinaitanitsa Gomezgani, tenanti wa pa esiteti yoyandikana nafe, bambo wa ku Mzimba amene amandithandiza kudinda. Iyeyu amasuta chingambwe ngati chigafa cha fodya wa chikopa, ndipo pepala lililonse likagwa pansi sakhala nalo pa ubale. Ndinamukhazika pansi pa mtengo wa mango, ine pampando, chipewa pabondo, nkhope ya woweruza.

Sanakwiye. Anapempha kuliona bukulo. Analinunkhiza, analitembenuza, analiyang'anitsitsa padzuwa monga amachitira ogula ku okushoni. Kenako anandionetsa kuti pong'ambikapo panafiira mofanana ndi mapepala enawo, kutanthauza kuti ntchitoyi inagwiridwa iye asanabadwe. Anandionetsanso kamzu kamodzi kokhala ndi mzere wa chikhadabo, pamene munthu anapinda pepala mulifupi mwa zala zitatu, muyeso wa ndudu.

Anaphiri anamufunsa ngati wakubayo angapezeke. Gomezgani anakanda m'mutu nati, "Adada, amene anachita izi anali wophunzira kumene kusuta, anaononga pepala lambiri. Panopa ayenera kuti ndi mdala, ndipo ndikuganiza kuti amatsimphina mwendo wamanzere."

Khoti linathera pomwepo. Anaphiri anaseka mpaka nkhuku zinathawa.

Achemwali, ndine.

Chinali chaka chomwe munachokacho, nyengo ngati ino. Abambo anandisiya ndilondere chigafa masana iwo atapita kumsika. Ndinali nditayamba kuba timasamba tofoka, koma pepala lokulungira linkasowa, ndipo khoko la chimanga linkanditsokomoletsa. Ndinakumbukira bokosi.

Musaganize kuti ndinang'amba mwachisawawa. Ndinaganiza kaye, ndipo kuganizako ndiko kunandipha. Ndinaligoneka bukulo pansi n'kuliyang'ana ngati mlimi. M'munda timayamba kuthyola fodya wam'munsi, wopyapyala, amene ogula amamunyoza. Wabwino amakhala pamwamba. Ndiye ndinati buku nalonso liyenera kukhala chimodzimodzi, zokoma zili pamwamba, zapansizi n'zongodzazira. Ndinathyola kuyambira m'munsi, limodzi pa tsiku, ndikudzitama kuti ndikusamala katundu wa achemwali. Ndinadzidzimuka tsiku la khumi ndi chiwiri nditaona kuti pansi pa buku pali mtsinje uja.

Lumbiro lanu ndinasunga. Sindinawerenge ngakhale liwu limodzi. Ndinangosuta.

Gladness, apa werenga pang'onopang'ono. Nkhani ya fodya wam'munsiyo ndi yoona, koma si yonse. Ndinali nditakwiya. Munanyamuka n'kundisiya m'chigafa ndekha ndi singano, wopanda wondiwerengera, ndipo Loweruka lililonse ndinkayang'ana kumsewu. Mwina ndinati ngati simubwera kudzamaliza, pasakhalenso chomaliza. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, mutu ngati dzungu losakhwima.

Ndayesetsa kulipeza lina. Ndinafunsapo aphunzitsi ku Mtunthama, ndinafunsa ogulitsa mabuku akale pa boma. Onse amafuna dzina la buku. Ndikati ndi la telala wosenza makina amandiyang'ana ngati ndamwa.

Koma nanunso sindikukukhulupirirani, ndinene poyera. Pa maliro a amayi munandipeza kuseri kwa chigafa ndikupichira chingambwe. Munayang'ana zala zanga nthawi yaitali, kenako munandifunsa ngati nyuzipepala imakoma kuposa buku. Ndinayesa chisoni chakusokonezani. Panopa ndikuona kuti munatsegulapo bokosi lija abambo adakali moyo, ndipo mwakhala mukudziwa zaka zonsezi. Mwabwera kuno kangati osalitchula? Uthenga wa pa foniwu ndi msampha, mumafuna ndilowemo ndekha. Chabwino, ndalowa. Gwetsani mwalawo.

Pempho langa ndi ili. Buku sindipereka kwa Steven. Mabelo akangopita ku Kanengo ndikwera basi, ndilibweretsa ndekha, bondo lifune lisafune. Padziko pano amene anawerenga bukuli mpaka kumapeto mwatsala ndinu nokha. Gladness adzatiwerengere kuyambira poyamba mpaka pamtsinje, akafika pamenepo atseke pakamwa, inu mupitirize. Maso achita chifunga, koma mathero sali m'maso.

Ine ndakalamba ndisakudziwa ngati telala anaoloka, ndiponso ngati mayi wochapa uja anali mlongo wake. Ndikamadinda mabelo ndimapezeka ndikuganiza za munthu woima m'mphepete mwa madzi ndi makina pamutu. Zaka makumi asanu ndi zisanu, khosi lake liyenera kuti latopa.

Ngati mwaiwala, musandiuze kuti mwaiwala. Ngati sanamupeze, mundinamize. Ndanamiza anthu ambiri m'Kasungu muno, ndikuyenera kunamizidwako kamodzi ndi munthu wodziwa kuwerenga.

Ndagula kale kope latsopano kuti Gladness adzalembe zimene mudzanene, tidzasokerere kumbuyoko. Singano ya fodya ndibwera nayo. Musade nkhawa ndi mapepalawo, kusuta ndinasiya chaka chimene adokotala anandiopseza, ndipo Anaphiri akuti machesi adzandisecha pokwera basi.

Mundiperekere moni kwa apongozi, kwa ana, ndi kwa amayi a mvano amene amabwera kudzakuonani, koma nkhani iyi musawauze, angaitengere ku mapemphero. Anaphiri akupereka moni, akuti mundikalipire ndi mbali yawo yomwe. Gomezgani akuti mumukhululukire poulula.

Ambuye akusungeni mpaka ndifike. Musayerekeze kupita kulikonse musanamuolotse munthu uja.

Ndine mlongo wanu wopalamula,
Sunganani Malita