Mphutsi za M'mano mwa Bambo

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Area 3 tilipo, kupatula mano a bambo omwe ayamba kubooka kumizu.

Kuchipatala anawapatsa mankhwala opaka m'mphepete mwa nkhama kuti otsalawo asaole. Iwo anawataya, ati alibe ukali. Loweruka anandikokera kumsika, kwa munthu wofukiza nthula m'kamwa, ati kutulutsa mphutsi zoboola mano. Anawalavulitsa m'mbale yolavuliramo aliyense, yosatsuka, n'kuloza timphutsi toyera. Nkhalamba yotsatira inalibe dzino ndi limodzi lomwe, koma nayonso inatulutsa mphutsi! Bambo akuti zinali zotsalira.

Chonde alembereni, poti inu amakumverani. Apo ayi, mudzawapeza akungomwa phala.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Nabanda