Ndinadina X, Ndimati Ndikukana

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndili pabanja. Amuna anga ali ndi chipangizo cha magemu cholumikiza pa TV, ndipo kwa zaka zitatu akhala akumanga timu yawo ya mpira mmenemo. Osewera ake amawatchula ngati ana obereka okha.

Loweruka lina iwo ali kuntchito, ndinafuna kuikira mwana wathu katuni pa chipangizocho. Aphungu, amene anakonza menyu yake sanatiganizire ena ife. Timabokosi mkati mwa timabokosi, tizilembo ngati nyerere, ukati ubwerere wapezeka walowa kwina. Kenako panatuluka chifunso chachitali cha Chingerezi, uku mwana akulira. Ine ndikamachonga makope, X ndiye kuti ayi, walakwa. Ndiye ndinadina batani la X, ndimati ndikukana. Osadziwa kuti kumeneko X ndi kuvomera. Timu yonse inafufutika.

Tsoka ilo, dzulo lake kunali kutabwera mnzawo wa paubwana, mboni ya ukwati wathu, ndipo anasewera limodzi. Amuna anga anamuimbira foni: "Achimwene, kukuchinyani zigoli zinayi zokha mpaka kundifufutira timu?" Iye anangoti, "Ine? Mwandinyoza kwambiri." Patha milungu itatu osayankhulana. Mwezi wamawa mnzawoyo akukwatitsa mwana, ndipo amuna anga akuti sakapondako. Ine ndangoti zii, mantha ndi manyazi. Ndiulule?

T.M., mphunzitsi

Aphunzitsi,

Pa za menyuyo simukunama. Inenso ndinayesapo kutsitsa mawu pa chipangizo chotere, ndinathera posintha chilankhulo, nyumba yonse osamva kanthu sabata yathunthu. Chinthu chofufuta ntchito ya zaka zitatu chimayenera kufunsa kawiri, ndi zilembo zazikulu. Okonzawo apo analakwitsa.

Koma ngozi inathera pa batani paja. Milungu itatu mwakhala cheteyi si ngozi, mwachita kusankha, ndipo munthu wosalakwa akusenza mlandu wanu.

Auzeni amuna anu lero lomwe, muli awiri. Musayambe ndi kunyoza chipangizo. Yambani ndi mawu akuti "ndine", za X mufotokoze pambuyo. Akwiya ndithu, asiyeni akwiye, ndipo musayerekeze kunena kuti ndi gemu chabe. Mtima ukatsika, pitani nonse kwa mnzawoyo ndi miyendo yanu, osati pa foni. Inu mupepese poyamba, iwo atsatire, poti pakamwa ponyozapo panali pawo. Mukafunsenso kwa okonza zipangizo ngati timuyo inasungikanso pa intaneti. Nthawi zina imabwerera, koma musalonjeze. Mwanayo mumutsegulire akaunti yakeyake.

Chenjerani ndi chimodzi: mwana wanu analipo tsikulo, ndipo ana sasunga chinsinsi. Akakutsogolerani kuulula, bambowo za timu sadzafunsanso. Adzafuna kudziwa chifukwa chake munawaonerera akutaya mnzawo wa paubwana, inu mulipo, osanena kanthu.

Aphungu